Chithunzi Choyang'ana Kukhomo

Mvula ya mumzinda wa Hue ilibe manyazi. Inagwa masiku onse amene Mien anacheza kwawo, ndipo m'mawa wa tsiku lonyamuka inali ikuwazabe, ya mtundu uja wonyowetsa munthu mpaka m'mafupa iye akuti kunja kulibe mvula. Ndege yomubweza ku Taiwan, kumene ankasamalira gogo wa eni ake, inali yamadzulo. Sutikesi inali yotseka kale pafupi ndi khomo. Maola otsalawo Mien anali atawagawa m'mutu mwake: kumsika wa Dong Ba kukagula maswiti a chitowe oti akagawire anzake, kenako kukakhala pa kampando ka pulasitiki m'mbali mwa msewu n'kudya msuzi wa ng'ombe wa tsabola wambiri, womwe ankadziwa kuti akaulakalaka zaka zitatu zikubwerazi.

Koma mayi ake anali ndi zawo.

"Iwe Mien, tanditulutsira ao dai yanga yofiirira ija, diresi lalitali lija, m'bokosimo. Undiperekeze kwa Dinh wojambula."

"Kukajambulitsa ndi mvula imeneyi? Foni ili apa, amayi. Khalani bwino ndikujambuleni pompano."

"Cha pafoni n'cha amoyo. Ine ndikufuna cha pa guwa."

Mien anayang'ana kuguwako, foni ili m'manja. Guwa la makolo linali pamwamba pa kabati, moyang'anana ndi chipinda chochezera, ndipo pakati pa mbale ya nthochi ndi mphika wa lubani panali zithunzi za agogo ake ndi cha bambo ake. Wamoyo sakhalapo pamenepo. Mchimwene wake Khoa, yemwe ankapukuta njinga yamoto pakhonde, anasiya kupukuta. Mkazi wa Khoa, Tuyet, anatsegula mpopi kukhitchini mwamphamvu ngati sanamve kanthu.

Onse atatuwo ankasunga chinthu chimodzi. Madokotala anali atapeza chotupa m'mapapo mwa mayiwo, ndipo monga mwa masiku onse anauza mwana wamwamuna, osati wodwalayo. Ana anapangana kuti mayi awo azingomva kuti ndi chifuwa cha nyengo yamvula. Umu ndi mmene timachitira kwathu kuno: timanamiza makolo chifukwa chowakonda, iwonso amayerekeza kuti akhulupirira chifukwa chotikonda, basi nyumba yonse n'kumayenda monyang'ama.

"Amayi, musamalankhule zolaula," anatero Mien. "Kachifuwa komweka?"

"Ndani wanena za chifuwa? Mkazi wa Bay, mnansi wathu uja, anajambulitsa chake mano akadali onse m'kamwa, mpaka lero akutukwanabe anthu kumsika. Tawaona bambo akowo." Analoza pa guwa ndi chibwano. "Anachita kuwadula mutu pa chitupa n'kuuika pa suti ya munthu wina. Munthu wosavalapo tayi chibadwire! Mutu waukulu, mapewa a mwana wasukulu. Ndikamayatsa lubani ndimachita kufunsa kuti kodi bambo inu ndinu yani, mwamuna wanga mwamuika kuti?"

Palibe anaseka, kupatula mwini nthabwala, ndipo kusekako kunathera m'kutsokomola. Mien anayang'ana pansi. Maliro a bambo akewo iye anawaonera pafoni, Tuyet ataikweza m'mwamba pakati pa anthu, iye ali m'bafa ya eni ake ku Taiwan atatseka chitseko kuti asamveke kulira.

Chifuwa chitadekha, mayiwo analankhula motsitsa mawu. "Pa maliro anga sudzabwera, mwanawe, ndipo sindikukuimba mlandu. Kwa eni n'kwa eni. Koma ndikufuna pojambulapo iwe uime kumbuyo kwa Dinh, ine ndiziyang'ana iweyo. Ukadzabwera kudzandiyatsira lubani, udzapeze ndikukuyang'ana. N'zokhazo. Maswiti ukagula ku bwalo la ndege."

Khoa anakodola Mien kuti atulukire pakhonde. "Ukavomera ndiye kuti wawauza," ananong'ona. "Auze kuti nthawi yatha. Ndidzawapititsa ine mvula ikadzatha."

"Achimwene, mvula ikadzatha adzakhala akuyendabe?"

Khoa anangoyambiranso kupukuta njinga yomwe inali youma kale. Mien anabwerera m'nyumba, natsegula bokosi.

Anawakhazika mayi ake pampando pafupi ndi zenera n'kuyamba kuwapesa. Tsitsi linali litachepa, loyera, lofewa ngati thonje, ndipo lambiri linkatsalira m'chipeso. Mien ankalichotsa mobisa n'kumalifumbata m'dzanja.

"Manja ako aphunzira," anatero mayiwo, maso ali otseka. "Kale unkapesa ngati ukupalira m'munda."

"Ndimapesa gogo uja m'mawa uliwonse."

"Ali ndi mwayi gogoyo."

Sananene mwa njiru, n'chifukwa chake mawuwo anamulasa kwambiri Mien. Anamanga tsitsilo mfundo kumbuyo, nawaveka ao dai ija. Chovalacho chinasokedwa pa ukwati wa Khoa, mayiwo akadali ndi thupi. Tsopano chinkangolendewera. Tuyet anabwera ndi zopanira zovala za pachingwe n'kuchipana kumsana, uku akuti, "Nsalu za masiku ano zimatambasuka, apongozi." Mayiwo anavomera kuti inde, zimatambasuka.

Asanatuluke, Mien anayatsa lubani pa guwa, nawerama, nauza bambo ake kuti akunyamuka. Khoa anaitana takisi yoti iwasiye kwa Dinh kenako ipitirire ndi Mien ku bwalo la ndege, ndipo sutikesi anaikweza kumbuyo. Anaoloka mtsinje wa Huong uli wotuwa, wodzaza, mabwato onse atamangidwa kugombe. Anadutsa pa msika wa Dong Ba osaima. Fungo la msuzi linalowera pazenera, Mien n'kukweza galasi.

Situdiyo ya Dinh inali kachipinda kopapatiza pakati pa shopu ya maambulera ndi ya mankhwala. Dinh mwiniyo anali mkulu wadazi, wa magalasi omangirira ndi chingwe, amene theka la zithunzi za pa maguwa a m'dera lonselo zinatuluka m'manja mwake.

"Amake Khoa! Lero mwavala ngati mukukakwatiwanso. Mwamunayo ndani, ndikamuchenjeze?"

"Ndikukakumana ndi wakale yemwe uja. Undijambule bwino, iwe Dinh, osati zija unamuchita mwamuna wanga."

"Aa, mlandu wa suti uja sunathebe? Musadandaule. Amene ndawajambula cha pa guwa onse amachedwa kupita. Amati chithunzi chakongola kwambiri, asiyeni achione kaye okha."

Anawakhazika pa mpando wamtengo kutsogolo kwa nsalu yabuluu, nawatembenuza phewa, nawakweza chibwano ndi chala. Khoa anatsala m'takisi, akuti akucheza ndi dalaivala, koma zoona zake sanafune kuona. Mien anaima pamene anauzidwa, kumbuyo kwa Dinh, chakumanja pang'ono kwa kamera. Mayi ake anamupeza ndi maso, ndipo nkhope yawo inamasuka, makwinya a pachipumi n'kugona. Mien anali asanayang'anidwepo chotero kuyambira ali mwana.

Nyali imodzi inakana kuyaka. Dinh anaimenya ndi chikhatho, naitukwana, nagwada kuyang'ana waya. Nthawi yomweyo foni ya Mien inalira. Anali mwana wa gogo wa ku Taiwan uja, bwana wake. Anaizimitsa kulira. Inaliranso. Mvula ikakuona litsiro sikata.

"Kayankheni, mayi," anatero Dinh ali chogwada. "Nyali iyi ndi nkhalamba inzanga, imadzuka mochedwa. Mubwera isanayake."

Mien anayang'ana mayi ake. Anatuluka n'kuima pakhonde, pansi pa maambulera olendewera, atasiya chitseko chotsegula.

Gogo uja anali atakana kudya kuyambira m'mawa. Phala analitayira pansi, mankhwala analavula, ankangoitana dzina la Mien. Bwanayo sanafunse n'komwe ngati Mien ali ndi mpata, anangoika foni kukhutu kwa gogoyo. Mien akanatani? Ntchito imeneyo ndiyo inkagula mankhwala a mayi ake. Anatembenukira kumsewu, natseka khutu linalo ndi chala, nayamba kunyengerera m'chinenero cha eni akewo, ndi mawu aja ofewa amene munthu amalankhula nawo kwa khanda: idyani pang'ono, sipuni imodzi yokha, mawa ndifika, ndidzakupesani, ndidzakuphikirani ndekha. Mayi ake sankamva liwu n'limodzi lomwe la chinenerocho. Koma kunyengerera sikusowa womasulira.

Kumbuyo kwake kunang'anima kuwala koyera.

Gogoyo atavomera kudya, Mien anathamangira m'kati, tsitsi litanyowa. Dinh anali ataweramira pa kompyuta yake, ndipo mayi ake anali atadzuka pampando n'kuima pambali pake, atagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Musade nkhawa, chimenechi n'choyesera nyali chabe," anatero Dinh. "Maso ali kumbali. Khalaninso pampando, amake Khoa, mwana wanu wabwera, tijambule chenicheni."

Mien anayang'ana. Chithunzicho chinali choyera bwino, tsitsi lili m'malo mwake, zopanira zija zosaoneka. Koma nkhope inali itapendekera pang'ono kumanzere, maso ali kukhomo, pakamwa patatseguka pang'ono ngati munthu wofuna kuitana koma n'kudziletsa. Panalibe mkwiyo pankhopepo. Panali kudikira kokha, kwa munthu wozolowera kudikira.

"N'chimenechi," anatero mayiwo. "Usindikize chimenechi."

"Ayi, amayi! Ndabwera, ndili pano. Foni ndazimitsa, onani. Khalani pansi, sindisuntha."

"Cha pa guwa munthu amayang'ana kutsogolo, amake Khoa," Dinh anathandizira. "Anthu adzati Dinh wakalamba, manja akunjenjemera. Mukufuna kundiphera ntchito?"

"Anthu adzanene zawo. Ya suti ija ananenanso, sunafe nayo." Anapitiriza kuyang'ana chithunzicho, mutu utapendekera. "Ndinabwera kuno kuti undikongoletse, ndizioneka ngati mayi amene mwana wake ali naye pafupi. Koma uyu ndiye ndikumudziwa. Ndi amene amakhala pampando uja m'nyumba mwanga madzulo aliwonse."

"Amayi, ndikupempha. Kamodzi kokha."

Mien anagwada pansi pa simenti yonyowa n'kuwagwira miyendo, munthu wamkulu wa zaka makumi anayi, akulira poyera pamaso pa Dinh. Analira chifukwa anapemphedwa chinthu chimodzi chokha, chaching'ono, chongoima pamalo amodzi, ndipo chinamukanika. Mayi ake anamusisita mutu monga ankachitira kale.

"Dzuka, ukudetsa thalauzi la paulendo. Sindikukulanga, mwanawe. Ukanapanda kuyankha foniyo, gogo wa eni ake akanagona ndi njala. Ndakumva mmene umalankhulira naye. Ndakulera bwino." Anafika ndi dzanja kumsana, namasula chopanira chimodzi, kenako china, chovala chija n'kubwerera kulendewera kwake. "Ndatopa. Kukhalanso pa nyali zija sindingathe."

Mwina zinali zoona kuti atopa, mwina ayi. Mayi ameneyo akati ayi, ngakhale mwamuna wawo ankangovala chipewa n'kutuluka. Dinh anavula magalasi ake, nawapukuta nthawi yaitali, nthabwala zitamuthera.

Kunja takisi inaliza hutala. Khoa analowa akukutumula madzi pa malaya. "Mien, nthawi. Msewu wa ku bwalo la ndege wadzaza madzi, dalaivala akuti tizungulira." Anaona nkhope ya mlongo wake, naona chithunzi pa kompyuta.

"Iwe mperekeze," anatero mayiwo. "Ine ndidikira pano Dinh asindikize, Tuyet abwera kudzanditenga. Za ku bwalo la ndege ndinazisiya, kumazizira." Anakhala pa benchi ya makasitomala, nakonza kolala ya Mien ndi zala zozizira. "Uzidya. Wachepa thupi."

Mien anafuna kunena zambiri, koma zonse zinali mbali ya chinthu chija chimene anapangana kuti asanene. Anangoti, "Muzimwa mankhwala a chifuwawo, amayi."

"Ndizimwa."

Ali pakhomo, Khoa atatambasula kale ambulera, mayiwo anaitana. Sanaitane Mien.

"Iwe Khoa. Chithunzichi udzachiike kumanja kwa bambo ako, osati kumanzere. Ukachiika kumanzere ndidzayang'ana khoma. Kumanja maso adzaloza kukhomo. Mlongo wakoyu akadzabwera, ndidzamuone asanavule nsapato."

Khoa anaima chilili, madzi akutsika pa ambulera n'kumudonthera paphewa. Miyezi yonseyi yankho lake linali limodzi, lakuti amayi musamatero, ndi chifuwa chabe.

"Ndamva, amayi," anatero. "Kumanja."

Mien anatembenuka komaliza. Mayi ake anali pa benchi paja, manja ali pamiyendo, nkhope itapendekera pang'ono kumanzere, akuyang'ana kukhomo kumene iye anaima.