Masheya a Alamu Anga

Alamu anga a Yoweli Mbewe anafika kwathu ku Zingalume mu 1977 ndi sutikesi imodzi, suti ya buluu, ndi manja osalala ngati a khanda. Anali atagwira ntchito zaka zisanu ndi zinayi ku banki ina ku Lusaka. Iwo ankati anali mlangizi wa anthu achuma, wowauza poika ndalama kuti ziswane. Mng'ono wanga Lonia, mkazi wawo, ankati ntchito yawo inali kudinda mapepala, koma ankanena motsitsa mawu, chifukwa ankamukonda mwamuna wakeyo mpaka ife ena kutinyansa. Mtengo wa kopa utagwa, banki inachotsa anthu, awiriwo n'kukwera basi kubwera kumudzi. Kumudzi kwathu, osati kwawo. Kuno mwamuna amakhala kwa mkazi, amalima munda wa apongozi, ndipo akakhala waulesi amamuonetsa njira imene anadzera.

Mvula yoyamba itagwa, alamu analima mizere itatu, manja n'kuchita matuza, n'kupita kukiliniki kukamangitsa mabandeji. Amayi sanalankhule nawo, chifukwa mpongozi ndi mkamwini sayang'anana, sakhala mphasa imodzi, ngakhale kukumana panjira sakumana. Anangoitana alongo awo, atsibweni athu a Simeoni, amene ndi eni mbumba. Atsibweni anagamula mwachidule: "Mkamwini ameneyu tamupatsa dzinja limodzi. Tikakolola, ngati sitiona ntchito yake pamudzi pano, anyamule sutikesi yake. Lonia atsala."

Lonia analira masiku awiri. Alamu sanatekeseke n'komwe.

"Mlamu wanga Dailesi," anatero kwa ine, "khasu ndi la anthu amene sanaonepo ndalama zikugwira ntchito. Kuno ndi msika wongodzuka kumene. Mabwana a ku Lusaka amasowa tulo kufunafuna malo ngati ano."

"Msika uti?" ndinatero. "Sopo sitinamuone chichokereni Khirisimasi, mchere tikuchita kubwerekana. Inu alamu, kodi mutu ukuyenda bwino?"

Iwo anati kusowa kumeneko ndiye chuma. Nzeru yawo inali iyi: anthu amasenza mtedza pamutu ndi panjinga kupita nawo kudepoti, ulendo wa tsiku lathunthu. Ndiye tiyambitse kampani, igule ngolo ndi ng'ombe, izinyamula mtedza wa mudzi wonse, phindu tizigawana. Anang'amba kope la sukulu n'kudula timapepala makumi asanu ndi limodzi, n'kutitcha masheya. Kapepala kamodzi makwacha awiri, kapena nkhuku yathadzi. Anasema chidindo pachinangwa, n'kumadinda phaa! phaa! mwaluso lakuti ndinakhulupirira Lonia: ntchito yawo inalidi imeneyi.

Anthu anagula, abale inu! A Fanwell, mkulu wa mpingo, poyamba anati zimenezi ndi juga. Alamu anawatsegulira fanizo la matalente, n'kuwafunsa ngati akufuna kukhala kapolo uja anakwirira ndalama pansi. A Fanwell anagula atatu. A tcheyamani a chipani anabwera kudzafunsa amene analoleza misonkhano ya pansi pa mango, ndiponso ngati ogula onse ali ndi makhadi. Anabwerera ndi masheya awiri aulere, funso lija n'kufera panjira. Ine ndemwe, ndi pakamwa pangapa, ndinapereka nkhuku.

Pamtengo wa mango alamu anakhoma chipepala chachikulu. Pamwamba analemba katundu wa kampani: ngolo imodzi, ng'ombe imodzi, mutu wa manijala. Mutuwo anauwerengera masheya makumi awiri, n'kudzipatsa okha, poti iwo ndalama analibe, anali ndi nzeru. Pansi analemba lamulo: wokhala ndi mapepala ambiri ndiye mwini mpando, ndipo mawu ake pa katundu yense wa kampani ndi otsiriza.

Amayi okha ndi amene sanagule. Mayi athu aja ndalama yawo situluka wamba, komanso chimene chalowa m'manja mwawo sichituluka. Mphika ukasweka, nkhuku zimamweramo. Msomali wopindika amausunga padenga zaka khumi. Mawu awo ndi amodzi: "Changa sichitayidwa."

Ndalama zinakwana ngolo yakale ndi ng'ombe imodzi yokha, imene alamu anaitcha Lusaka. Koma goli limafuna makosi awiri. Alamu anati ng'ombe yachiwiri idzachokera m'phindu, ndipo pakadali pano anabwereka bulu wa a Bernado. Ng'ombe yaitali, bulu wamfupi, goli n'kupendekeka. Ngoloyo ukaileka yokha inkangokhotera kumanzere.

Tsiku la ulendo woyamba, mwezi wa Juni, tinapakira matumba khumi ndi awiri a mtedza wosenda. Alamu anakwera pamwamba atavala suti, chingwe m'manja, azimayi tikuimba nthungululu pambuyo. Zonse zinkayenda bwino mpaka potsetserekera kumtsinje. Pamenepo, panjira yopapatiza, tinangoona Amayi akukwera ndi mtsuko pamutu.

Tsono munthu angatani? Mkamwini akaona apongozi amapatuka. Alamu anali ndi zolakwa zambiri, koma mwano analibe. Anataya chingwe, n'kudumpha kuchoka pangolo, n'kugwera patchire kuti psuu! Tchirelo linali la chitedze. Lusaka ndi bulu uja atamva kuti palibe wowagwira, anatsetsereka mothamanga, ngolo n'kukhotera kumanzere monga mwa chizolowezi chake, n'kugubuduka m'madzi ndi mtedza wonse. Amayi anadutsa osacheuka. Kutchire kunkangomveka munthu akudzikanda, akupepesa m'Chingerezi.

Mtedza tinauwola n'kuuyanika, koma wina unachita nkhungu, wina unayamba kumera. Eni ake anabwera ndi ukali, ndipo alamu anawalipira ndi masheya awo makumi awiri aja mpaka anatsala opanda ndi limodzi lomwe. Pofika Lamlungu, kapepala kamene kanali nkhuku kanali kasakugulanso ngakhale dzira. Ndinaona ndi maso anga mkulu wina akupichira fodya sheya yake. Atsibweni anatumiza mawu kuti mlandu wa mkamwini ukhala Loweruka lotsatira.

Lachiwiri m'mawa Lonia anandipeza ndikupala chinangwa. Anatula pansi chitini cha mchere chimene anabwera nacho ku Lusaka n'kumachibisa pansi pa bedi, nkhuku zake zisanu zomanga miyendo, ndi nsapato zake zofiira zopitira kutchalitchi.

"Akulu, pitani mukagule mapepala onse amene mungapeze. Musanene kuti ndakutumani ndine."

"Iwe, wapenga? Mchere wonsewu ugule zinyalala? Mwamuna wopanda khasu ngati ameneyu alipo wambiri, ngakhale ku Zemba ndikakupezera awiri!"

"Sindikufuna awiri," anatero, misozi ili mbwembwembwe. "Ndikufuna yemweyu. Mukagula, mukawagulitse kwa Amayi. Musawapatse ulere, alipire ndithu, ngakhale pang'ono."

Sindinamvetse, koma mwana wa mayi ako akalira umachita. Ndinayenda khomo ndi khomo masiku atatu. Kapu ya mchere, mapepala awiri. Nkhuku imodzi, mapepala asanu. Akazi a a Fanwell anakakamira nsapato, n'kundipatsa atatu awo aja ndi ena anayi amene anatola kwa anansi. Anthu ankandiseka poyera, ena n'kumandifunsa ngati nanenso ndinagwera m'chitedze. Ndinasonkhanitsa makumi anayi ndi limodzi, kuphatikizapo langa.

Amayi sadziwa kuwerenga. Anawatembenuza mapepalawo, n'kuwanunkhiza, n'kunena kuti ndi abwino kukulungira nthanga za maungu. Tinatsutsana mtengo mpaka dzuwa kupendeka. Anapereka dengu limodzi la mbatata, ndipo podandaula ankachita ngati ndawachotsa dzino.

Loweruka mudzi wonse unadzaza pansi pa mango. Atsibweni asanatsegule pakamwa, alamu anaimirira, khosi likadali lotupa ndi chitedze, n'kupempha kuti poyamba pakhale msonkhano wa eni masheya, chifukwa manijala sangachoke osapereka lipoti. Anali atabweretsa mpando, umodzi wokha umene anali nawo. Anati aliyense aonetse mapepala ake, tione mwini mpando. A tcheyamani anatulutsa awiri, akumwetulira, n'kuyamba kale kukonza malaya. Ine ndinapita kukatenga kansengwa ka Amayi n'kukhuthula pamphasa. Mapepala ena anali atakulungidwamo kale nthanga.

Alamu anawerenga, n'kubwerezanso. Thukuta linayamba kutsika.

"Makumi anayi ndi limodzi. Kodi ndi a yani?"

"A apongozi anu," ndinatero.

Kenaka panabuka vuto: mwini mpando ayenera kumva lipoti la manijala, koma awiriwa sangayang'anane. Titakambirana, anyamata ananyamula mpando n'kukauika kuseri kwa nkhokwe. Amayi anakana kuukhalira pamaso pa alongo awo, anangokhala pansi pambali pake n'kuugwira mwendo kuti wina asautenge. Alamu anagwada atafulatira nkhokwe, nkhope ili kukhola la mbuzi. Ine ndinaikidwa pakati kuti ndizinyamula mawu, ngakhale onse ankamvana bwinobwino.

Lipoti linali lalitali. Alamu anauza mbuzi zija kuti chaka chinali chovuta pa dziko lonse lapansi, kuti ngakhale makampani a kopa akulira, kuti ngolo ili bwino kupatula gudumu limodzi. Ine ndinapita kuseri n'kukati, "Akuti mtedza unagwera m'madzi."

"Uwauze kuti ndinalipo," anatero Amayi.

Atsibweni anagogoda ndodo pansi. "Zachibwana zatha. Dzinja tinamupatsa ladutsa. Munda sanalime, mtedza wa anthu wamiza. Mlendo ndi mame. A Mbewe, kanyamuleni sutikesi yanu."

Alamu anaweramitsa mutu. Ndinawamvera chisoni, ndisaname. Apo m'pamene Lonia, amene anakhala kumbuyo kwa azimayi, analankhula.

"Akulu, a Mbewe asanapite, muwawerengere Amayi katundu wawo. Angasochere wina."

Mawu akuti katundu wawo Amayi anawamva msanga. "Werenga!" anakuwa kuseri kuja.

Ndinaima pachipepala cha pamtengo. "Ngolo imodzi. Ng'ombe imodzi. Mutu wa manijala."

"Bwereza chachitatucho."

"Mutu wa manijala."

"Manijalayo ndani?"

"Ndi akamwini anu."

"Uwafunse akamwini ngati mutu umenewo uli m'gulu la zimene ndinagula ndi mbatata zanga."

Ndinayenda mapazi anayi n'kufunsa. Alamu anagwedeza mutu. Pa malamulo a mapepala munthu uja sankanama.

"Muwauze kuti inde. Mwa lamulo la kampani, mawu otsiriza pa mutuwu ndi awo."

"Nanga akapita kwawo, ausiya?"

Anthu anaphulika kuseka, koma Amayi sankaseka ayi. Anadzuka, n'kusuzumira pang'ono pambali pa nkhokwe, kuyang'ana alongo awo.

"Alongo, ndinapereka dengu lathunthu la mbatata, lodzaza mpaka pamwamba. Changa sichitayidwa."

"Aa, inu alongo!" anatero atsibweni. "Mutu wopanda kanthu ngati umenewu muchita nawo chiyani?"

"Mphika wosweka nkhuku zimamwera. Ngolo yathyoka gudumu, mtedza wanga sunapite kudepoti. Mutu ntchito yake n'kusenza. Mvula ikagwa tidzaona ngati manja ali pansi pa mutuwo sangaphunzire khasu."

Atsibweni anayang'ana a Fanwell, a Fanwell anayang'ana a tcheyamani, a tcheyamani n'kunena kuti lamulo ndi lamulo, iwonso ndi mwini masheya. Atsibweni anatola ndodo yawo n'kumapita akung'ung'udza kuti mbumba imeneyi idzawapha.

Lolemba m'mamawa ndinawapeza alamu pakhomo pa Amayi, thumba la mtedza lili pafupi, Lonia akuwapotera nkhata ya nsanza. Dzulo lake kutchalitchi alamu anali ataona akazi a a Fanwell akutsimphina mu nsapato zofiira, ndipo tsopano maso awo anali pa mapazi a Lonia, ali pafumbi opanda kanthu. Lonia atalowa m'nyumba kukatenga chigubu cha madzi, alamu anandikodola.

"Mlamu, musandibisire. Anapereka zingati?"

"Mchere wonse wa ku Lusaka, nkhuku zisanu, ndi nsapato."

Anasisita nkhata ija. Maso anafiira.

"Ku banki tikanati wagula modula kwambiri," anatero.

"Ndinamuuza zomwezo," ndinatero. "Ndinamulonjeza awiri a ku Zemba, anakana."

Anavula jekete la suti, n'kulipinda bwinobwino, n'kuliika pakhonde. Kenaka anaika nkhata pamutu n'kugwada pafupi ndi thumba.

"Nditwikeni, mlamu. Nsapato zija ndikaziwombole."