Hamala ya Masana

Liness atatsamiritsa njinga pamtengo wa mango, anapeza mudzi uli zii ngati kwagwa maliro. Iye anali mlangizi wa zaumoyo wa ku Thambani, ndipo tsikulo anabwera kudzayeza anthu BP. Pamakhonde atatu oyandikana panakhala anthu atatu, onse osakwana zaka makumi asanu, kukamwa kopotoka, mkono umodzi uli lende. Ankangomuyang'ana osaphethira. Chaka chathachi onsewa ankalima.

Kuseri kwa nkhokwe kunatulukira Lourenco, wootcha makala.

"Bwererani, amayi. Kamakina kanuko sitikukafuna kuno."

"Kalakwa chiyani, bambo Lourenco?"

"Munamanga mkono wa a Deliwe, mwezi usanathe anamenyedwa hamala ya mfiti. Munamanga a Laston, hamala. Achimwene anga a Timoti, hamala. Inu mumaika chizindikiro, mfitiyo n'kumangotsata."

Liness anakumbukira. Atatuwo anawayezadi. Anawauza kuti magazi awo akuthamanga kwambiri, achepetse mchere, akayambe mankhwala kuchipatala. Palibe anapita. Mitsinje inali itadzaza, ndipo munthu wosamva kupweteka sasiya khasu.

"Si ufiti," anatero Liness. "Ndi mtsempha wa m'mutu umene umaphulika. Kale zinkagwera okalamba, lero zatsikira kwa ife. Matendawa ndi chiswe, mumadziwa denga litagwa."

"Sing'anga amayamba walawa yekha," anatero Lourenco. "Dzimangeni tione."

Zitseko zinayamba kutseguka. Anthu anamuzungulira mlangiziyo. Liness, wa zaka 38, anali atayeza midzi isanu ndi iwiri koma iye mwini ayi. Anamanga lamba pamkono, makina n'kuyamba kung'ung'udza. Manambala anaima pa 182, pomwe oyenera sapitirira 140. Anabwereza. Omwewo. Mutu umene unkamupweteka masiku onsewa ankati ndi dzuwa.

"Akuti bwanji?" anafunsa Lourenco.

Liness akanatha kunama, pakuti palibe ankadziwa tanthauzo la manambalawo.

"Akuti nanenso ndili pamzere womwewo."

Pakhonde paja a Deliwe anatulutsa mawu aatali, osadziwika ngati kunali kuseka kapena kulira. Mayi wina anakokera mwana wake kumbuyo.

Liness analemba dzina lake m'kaundula.

"Mawa m'mawa ndikukayamba mankhwala. Amene apezeke ngati ine, tipitira limodzi."

Lourenco anaima nthawi yaitali akuyang'ana achimwene ake. Kenako anapukutira mkono wa makala pamalaya, anakhala pansi, n'kuutambasula nkhope atayang'ana kumbali.