Mpando wa Fridah

A Humphrey, mphunzitsi wa anamwino, anavundukula buku la Fridah tsamba ndi tsamba. Masamba ambiri anali mbee. M'bukumo ndi momwe sisitala, namwino wamkulu wa mu wadi, amasaina wophunzira akagwira ntchito ndi manja ake, kaya kutsuka bala kaya kubaya jakisoni. Buku likapanda kudzaza, mayeso omaliza sulemba, ndipo mayina a olemba ankapita ku Lusaka Lachisanu.

"Iwe Fridah, miyezi itatu mu ward wenze kuchita chani?"

"Nenze chabe nkhale, ba Sir."

Sananame. Fridah ankayenda ndi ndodo chichitireni ngozi ya minibasi pa Shimabala ali mwana. Tsiku lake loyamba mu wadi, Sisitala Ennie anangoona mwendowo, chisoni n'kuwagwira, n'kumukokera mpando. Kuyambira apo ntchito yake inali kupinda mabandeji ndi kuyankha foni. Akati anyamule thireyi, sisitala ankamulanda.

"Nkhala mwana wanga, uzagwa. Banzako bazachita."

Chifundocho chinali chenicheni, n'chifukwa chake chinali chovuta kukana. Ndipo wophunzira uti angatsutse sisitala wa msinkhu wa mayi ake?

Lachinayi Fridah anapita nalo bukulo ku wadi, misozi ili chilengelenge m'maso.

"Ah, ni ma signature chabe?" Sisitala Ennie anaseka, akusolola cholembera m'thumba. "Leta nisaine yonse. Nindani azaziba?"

Fridah anatambasula dzanja, kenako anaima. Pa bedi lachitatu panagona msodzi wa kumtsinje, bala la pamsongolo likununkha ngakhale linali lomanga. Miyezi itatu yonse, bala lotere ankangolionera patali.

"Ba Sister, mukasaina, mawa banipase mwana wanu ati nimulase nyeleti ya jakisoni, muzavomela?"

Sisitala anayang'ana msodzi uja. Cholembera chinabwerera m'thumba.

"Nenze kukumvelela chabe chifundo," anatero motsitsa.

"Niziba, ba Sister."

Lachisanu mayina anapita, la Fridah palibe. Anzake anakasoketsa madiresi a tsiku lomaliza maphunziro, iye anauzidwa kuti abwereze chaka. Zinamuwawa kwambiri, ndipo bambo ake, amene anali atalengeza kale kwa anzawo a kuntchito ku fakitale kuti mwana wawo akumaliza maphunziro, anatha masiku awiri osamuyankhula.

Lolemba Fridah anabwerera mu wadi muja. Mpando unali pamalo pake, ndipo wina anali ataikapo kakhushoni.

Fridah anaukoka mpandowo, ukukhuluza pansi, mpaka pa bedi lachitatu. Anachotsa khushoni, anaikapo thireyi, n'kutsamiritsa ndodo kukhoma. Sisitala Ennie anaponya phazi limodzi, kenako anapinda manja kumbuyo.

Fridah anayamba kumasula bandeji.

"Simuzanipweteka, ba nasi?" anafunsa msodzi uja.

"Pang'ono, ba tate," anatero Fridah. "Ndimwe boyamba."