Chifuwa cha Norris Gledhill

Wilf Ormerod anapisa dzanja m'kathumba ka nambala za malo owedzerapo n'kutulutsa kampira kamodzi, koma sanakayang'ane. Anakakweza m'mwamba kuti onse amene anali m'nyumba ya tiyi ya m'mbali mwa nyanja akaone, ndipo wina kumbuyo anatchula kuti eyiti. Umu ndi mmene ankachitira chiyambire Novembala. Anzake ankangoti madala ayamba matama ku ukalamba, osadziwa kuti mwini wakeyo nambalayo sankaiona.

Pakati pa maso ake panali patabwera kabanga kotuwa, ngati pamene chala chamafuta chakhudza galasi. Za m'mbali ankaziona bwinobwino, koma chilichonse chimene wachiyang'anitsitsa chinkasowa. Dokotala wa maso anali atamuuza mosapita m'mbali kuti kabangako sikadzachoka, kazingokulirakulira. Wodziwa zimenezi anali mkazi wake Enid yekha, amene ankamubweretsa pa galimoto Lamlungu lililonse, komanso ankamumangirira mbedza pa ulusi patebulo la kukhitchini, uku akudandaula kuti iye sanakwatiwe kuti adzakhale msodzi.

Linali Lamlungu lomaliza la mpikisano wa nyengo yozizira pa nyanja ya Hollin. Wilf anali atawedzera timu ya kalabu ya m'tauni mwawo kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, chiyambire ali makaniko wa mabasi mpaka atapuma pantchito. Koma tsopano Lamlungu katatu kotsatizana anali atatulutsa ukonde wouma, wopanda ndi kansomba komwe. M'masewera amenewa munthu angalolere kugwera m'madzi anthu akuona kusiyana ndi manyazi otero.

Hazel, kaputeni wa timuyo, anamutengera pambali pafupi ndi chitseko. Mayi ameneyu anaphunzira kuwedza kwa Wilf yemweyo, ndiye nkhaniyi inkamulemera pakamwa. Anayamba ndi za chisanu, anadzera ku za nsapato, kenako n'kufika poti anyamata a m'timu ayamba kung'ung'udza, ndipo mnyamata wina, Declan, wadikira malo m'timumo zaka ziwiri.

"Bambo Wilf, sindikupempha zambiri," anatero Hazel. "Kansomba kamodzi kokha, ngakhale kotalika ngati chala changachi, ndikhale ndi choyankha anthu. Mukatuluka chimanjamanja leronso, chaka chamawa malo anu ndipereka kwa Declan. Zindipweteka, koma ndipereka."

Wilf anayankha zimene ankayankha sabata iliyonse, kuti madzi azizira kwambiri chaka chino, nsomba zathawira pakati, ndipo zotsalazo zikudyedwa ndi mbalame. Anali atazinena kambirimbiri moti iye mwini anali atayamba kuzikhulupirira.

Chikhomo cha nambala eyiti, chosonyeza malo ake owedzerapo, chinali pansi pa mitengo yoyoyoka masamba, pomwe mphepo sinkafika. M'mphepete munali kachikungu ka madzi oundana, ndipo anakaswa ndi mpini wa ukonde. Akukhazika bokosi lake lokhalira, anamva mawu amene sankafuna kuwamva tsiku limenelo. Pa nambala naini, masitepe khumi ndi asanu kudzanja lamanja, panali Norris Gledhill.

Norris anali wa timu ya tsidya lina la mtsinje, ndipo awiriwa anali atalimbana kuyambira tsitsi lidakali lakuda. Anali munthu wowonda, wa pakamwa pakuthwa, amene anagwira ntchito yoyang'anira zizindikiro za sitima zapamtunda moyo wake wonse, ndipo anthu ankati amatha kuona udzudzu ukutera tsidya la nyanja. M'nyengo yozizira panalibe womuposa. Kwa zaka makumi awiri sanatulutsepo ukonde wouma, ndipo sankadikira kuti wina amufunse kuti anene zimenezo. Wilf sankadana naye. Ankangomva bwino m'thupi monse tsiku limene wamuposa pa sikelo, ngakhale ndi aunsi imodzi.

"Ndamva kuti ukonde wako umauma usanafike pakhomo masiku ano," anatero Norris. "Enid ayenera kuti akusangalala, m'galimoto mwasiya kununkha."

"Khala pansi iwe, mphepo ingakuuluze," anayankha Wilf.

Wezulo inalira nthawi ya teni, ndipo nyanja yonse inakhala zii. Kuyambira pamenepo mpaka maola asanu atatha, munthu aliyense ali yekha pa chikhomo chake. Palibe womuyandikira, palibe womuuza chochita, ndipo wothandizidwa ndi wothandiza onse amachotsedwa mu mpikisano.

Wilf anatenga kamphutsi kamodzi n'kukaika pansi pa lilime kuti kafunde, monga ankachitira akale, chifukwa mphutsi yozizira imangoti ndwii pa mbedza ngati njere ya mpunga ndipo nsomba siicheukira. Anakakoloweka pa mbedza mongopapasa ndi zala, n'kuponya. Anaponyeranso timphutsi titatu tokha pamalopo. Mu Januwale, pachimake pa chisanu kumeneko, nsomba imadya ngati wodwala, ndipo woponya dzanja lodzaza amangoikhutitsa n'kupita kwawo wopanda kanthu. Zonsezi manja ake ankazidziwa popanda maso.

Chimene manja sakanatha ndi kuona kanthenga koyandama. Kanthengako amakamiza mpaka kutsala kansonga kofiira kochepa ngati mutu wa machesi, ndipo nsomba ya m'chisanu ikagwira nyambo kansongako kamangogwedera pang'ono, kamodzi, basi. Wilf akayang'ana pambali pake ankakaona ngati kadontho kosaoneka bwino. Akakayang'anitsitsa kankasowa. Anakhala choncho, mutu uli chopendekeka ngati nkhuku yoyang'ana kumwamba, mpaka misozi ya chisanu inayamba kutsika.

Patatha ola anakoka ulusi kuti asinthe nyambo, ndipo zala zinapeza kachikopa kokhakokha. Msodzi aliyense amadziwa tanthauzo lake: nsomba inabwera, inayamwa mphutsi, n'kupita. Wilf anadziuza kuti mwina kuzizira ndi komwe kaphulitsa kamphutsiko. Munthu akafuna kudzinamiza sasowa podzera.

Cha m'ma hafu leveni Norris anatsokomola, kamodzi, kouma. Wilf sanalabadire. Patapita nthawi anatsokomolanso chimodzimodzi, ndipo Wilf atakoka ulusi anapezanso kachikopa. Ulendo wachitatu chifuwacho chitangomveka, dzanja la Wilf linadzutsa ndodo lokha, mutu usanaganize kanthu. Kunsonga kwa ulusi kunali chamoyo, chikunjenjemera.

Inali nsomba yaing'ono ya mtundu wa rochi, yosakwana chikhatho, yozizira ngati supuni. Anaigwira ndi manja awiri, ndipo anasangalala kwambiri moti anatsala pang'ono kuipsompsona. Anaiika mu ukonde wosungiramo nsomba, n'kumva ikumenya mchira m'madzimo. Kansomba kamodzi kamene Hazel anapempha kanali katapezeka.

Chimwemwecho chinatha asanamalize kupukuta manja. Anayang'ana kutsogolo kuti aone kumanja ndi m'mbali mwa diso, ndipo anaona chipewa cha Norris chitapendekera kwa iye, osati ku madzi a pa chikhomo chake. Norris anadziwa. Mwina anadziwa pamene Wilf ankakweza kampira m'mwamba, mwina anadziwa masabata apitawo. Mwa anthu onse a pa nyanjayo, amene anaona maliseche ake anali Norris Gledhill.

Komabe chifuwa chitamvekanso anadzutsa ndodo, ndipo inabwera rochi yachiwiri. Inabweranso yachitatu, kenako yachinayi. Nthawi iliyonse ankadziuza kuti ino ndi yomaliza, ndipo nthawi iliyonse dzanja linkamutsogolera. Anayesa kudzilimbitsa mtima kuti malo anakonza yekha, nyambo anaponya yekha, kuya kwa madzi anayeza yekha, ndiye nsombazo ndi zake. Koma iye anaphunzitsa anthu ambiri, Hazel yemwe, kuti zonsezo mwana angathe kuzichita, ndipo usodzi weniweni ndi kamphindi kaja kansonga kagwedera iwe n'kuona. Kamphindi kameneko sikanalinso kake. Anaganizanso za chaka chamawa: sadzakhala pafupi ndi Norris Lamlungu lililonse, ndipo Declan adzakhala akudikirabe kunyumba chifukwa cha nsomba zinayi za munthu wina.

Chimene chinamuwawa kwambiri sichinali lamulo ayi. Chinali chifundo. Akanakonda Norris akanamuseka mokweza mpaka tsidya lonse limve.

"Uli ndi chifuwa, Norris?" anafunsa osacheuka.

"Chikundivuta ndithu. N'chisanuchi."

"Mwa tiyi wako chithe. Ukusokosera anthu."

Norris anapisa dzanja m'chikwama chake. Kunamveka kutsegula kwa fulasiki, ndipo chifuwacho sichinamvekenso. Ola lomaliza linadutsa mwakachetechete. Ulusi unkaundana m'timphete ta ndodo, zala za kumapazi zinafa dzanzi, ndipo Wilf anadzutsa ndodo kawiri mongoganizira, osapeza kanthu. Wezulo inalira nthawi ya 3 koloko dzuwa litayamba kale kufiira.

Anthu a sikelo anayambira pa nambala wani, akuyenda chikhomo ndi chikhomo, kuyeza nsomba za munthu n'kuzibwezera m'madzi. Tsiku linali loipa kwa aliyense: wina maaunsi atatu, wina imodzi, wina kungopukusa mutu. Hazel anali atamaliza kuchigawo chake ndipo ankabwera nawo pambuyo. Wilf anamva akuwerenga pa nambala seveni, ndipo anadziwa kuti nsomba zake zinayi zikanaposa onsewo.

Anagwada pa thabwa la pa chikhomo chake, n'kukoka ukonde mpaka m'mphepete. Hazel anamva kuphiriphitha ndipo anafuula mwachimwemwe. Wilf anagwira ukondewo kumatako n'kuutembenuza. Nsomba zija zinaima kamphindi m'madzi osaya, ngati sizikukhulupirira, kenako zinalowa pansi.

"Lembani kuti palibe," anauza wa sikelo.

Hazel anayang'ana ukonde wopanda kanthuwo. Wilf anaimirira pang'onopang'ono, mawondo akulira, n'kumuuza zonse za maso, pamaso pa anthu a sikelowo, chifukwa anaona kuti akadikira kuti akhale awiri sadzanenanso. Anamuuza za kabanga, za kampira, ndi za Enid ndi mbedza. Za chifuwa sanatchule, kuopa kuika Norris m'mavuto. Anangoti nsombazo anazigwira mwa njira imene iye sangailole kwa wina. Anati Declan auzidwe lero lomwe, agule nsapato zabwino. Hazel anamugwira pamkono n'kuyang'ana kumbali, ndipo Wilf anathokoza mumtima kuti nkhope yake sakanatha kuiona.

Atatero anamva kupepukidwa, ndipo, tinene zoona, anamvanso kakunyada. Ankaona ngati wamuonetsa Norris kuti Ormerod sapemphetsa. Anayamba kupinda ndodo yake makutu ali ku nambala naini, kudikira kumva kuti katswiri uja wapha mapaundi angati.

Kunamveka ukonde ukutuluka m'madzi, madzi akuchucha, koma kuphiriphitha kunalibe. Wa sikelo anaseka poganiza kuti ndi nthabwala, n'kuuza Norris kuti atulutse ukonde winawo. Norris anati ukonde ndi womwewo, alembe. Nkhaniyo inathamanga m'mbali mwa nyanja kuposa anthu a sikelowo: Gledhill wauma, patatha zaka makumi awiri. Wina wa timu yake anakuwa kuchokera patali mawu amene sitingawalembe pano.

Anthu atapitirira, Wilf anatsala chiimire, ndodo ili m'manja. Kakunyada kaja kanali katapita. Tsopano anamvetsa chimene anabwezera m'madzi, ndipo manyazi amene anamugwira anali a mtundu wina, olemera kuposa oyamba aja. Anayenda masitepe khumi ndi asanu aja n'kukaima pafupi ndi Norris, amene ankakulunga ukonde wake wopanda nsombawo mosamala ngati muli kanthu.

"Sindinakupemphe," anatero Wilf, koma mawu ake analibenso mphamvu.

"Ukanapempha sindikanachita. Wandipweteketsa kukhosi pachabe, chitsiru iwe."

Kumtunda, pamalo oimika magalimoto, Enid analiza hutala kamodzi. Wilf anali ndi funso limene linkamuvutitsa kuyambira m'mawa, kapena kuyambira Novembala, ndipo panalibe wina padziko amene akanatha kumuyankha. Anafunsa kuti kanthenga kake kanagwedera kangati.

"Ndisanayambe kutsokomola, kasanu ndi kawiri," anatero Norris mosazengereza. "Utandiletsa, kasanu. Komaliza kanamira konse, inali yaikulu imeneyo. Zinali pamalo pako tsiku lonse, Wilf. Pa nyanja yonseyi amene anaitana nsomba lero ndi iwe wekha."

Nyengo yonseyi Wilf ankanamizira chisanu ndi mbalame, chonsecho nsomba zinkabwera kwa iye monga kale, n'kugogoda, n'kubwerera. Zinamupweteka, koma zinamusangalatsanso, ndipo sanadziwe kuti chachikulu n'chiti.

"Nanga kako?" anafunsa. "Kanagwedera kangati?"

Norris anakoleka chikwama paphewa, n'kunyamulanso bokosi la Wilf ndi dzanja linalo popanda kufunsa.

"Ndidziwa bwanji?" anatero. "Sindimayang'ana kumeneko."