Kapamba Wafa

Bambo anga ndi wabutchala, ndipo ana awo tonse atatu anatitcha mayina a zam'kati mwa ng'ombe. Mayina enieni tili nawo, ali pa ziphaso, koma pakhomo pathu sanagwirepo ntchito. Achimwene aakulu ndi a Chiwindi, chifukwa chiwindi ndi nyama yomwe imayamba kutha, makasitomala amachita kulimbirana. Ine ndine Lilime, chifukwa chake muchiona nokha. Wotsiriza, mlongo wanga wamng'ono, ndi Kapamba.

Ngati simunaimepo kuseri kwa kauntala ya butchala, kapamba ndi kanyama kathyathyathya, kofiira moderako, kamene kamakhala kumanzere pansi pa nthiti. Kwathu palibe ankagula. Bambo ankangoponyera m'pepala ngati basela kwa makasitomala oweta agalu.

"Zaka makumi anayi ndikutumbula ng'ombe," ankatero, "ntchito ya kapamba sindinaione. Amangokhalamo." Akatero ankayang'ana mwana wawo, makasitomala n'kuseka.

Mlongo wangayo ankangopitiriza ntchito yake. Ndi munthu woti mawu ake umachita kuwakumba. Kwa zaka khumi ndi zisanu iye ndiye ankatsekula butchala kusanache bwino, kunola mipeni, kukwecha thabwa lodulirapo nyama, kuona ngati filiji yagona ikulira, ndi kutsuka ngowe imodziimodzi. Bambo ankafika dzuwa litakwera, n'kupeza zonse zili m'malo mwake, ndipo ndikuganiza ankakhulupirira kuti mipeni imadzinola yokha. A Chiwindi amagwira ntchito ya mu ofesi ku mzinda wina. Akaona magazi amachita chizungulire. Mayi akanakhala moyo mwina akanalankhulapo, koma anatisiya kalekale, ndipo ine ndinalankhula mpaka bambo anazolowera mawu anga ngati phokoso la filiji.

Lolemba lina bambo anaitana wolemba zikwangwani kuti awonjezere mawu awiri pansi pa dzina la butchala: "ndi Mwana". Kapamba ndiye anagwirira makwerero. Penti isanaume bambo analengeza, makasitomala akumva, kuti mwanayo ndi a Chiwindi, ndipo iwo akadzatopa butchala idzakhala yawo.

Kapamba anabweza makwerero kuseri, anasamba m'manja, n'kuika makiyi pa sikelo.

"Loweruka ndikupita, bambo. Ndapeza ntchito kophera ng'ombe, kutali ndithu."

Bambo anayang'ana muvi wa sikelo. "Makiyi opepuka ngati mwini wake. Pita. Munthu amakhala ndi moyo opanda kapamba."

Ine zinandipweteka kwambiri, chifukwa ndinkadziwa kuti mlongo wanga akananena mawu amenewo ndiye kuti wawatafuna zaka zambiri. Ndinkadziwanso kuti bambo akanangomuitana ndi dzina lake kamodzi kokha n'kunena kuti khala, akanakhala. Koma bambo kupepesa amakuona ngati nyama yoola.

Lachiwiri ndi Lachitatu bambo anatsekula okha, Kapamba osaonekera ku butchala ngakhale kunyumba. Lachinayi m'mawa, akukweza mwendo wa ng'ombe kuti aukoleke pa ngowe, ululu unawabaya kumanzere pansi pa nthiti n'kukwera mpaka paphewa. Anakhala pansi pa utuchi thukuta lili kamukamu. Kasitomala wina ndiye anandiimbira foni, ndipo ndinathamanga nawo ku chipatala bambo akundikalipira njira yonse kuti ndi mpweya chabe wa m'mimba.

Anawayeza magazi, anawamata timawaya pachifuwa, kenako anawalowetsa m'makina ojambula m'kati mwa thupi. Masana dokotala anabwera, mayi wa magalasi wolankhula mosathamanga, atanyamula chithunzi.

"Bambo, mtima wanu ukugunda modumphadumpha, ndipo zikuoneka kuti unayamba kale. Mtima ukamatero magazi amaundana timibulu. Kambulu kamodzi kanayenda n'kukatseka mtsempha wopita ku kapamba. Mbali iyi, yakudayi, magazi sakufikako. Yafa."

"Kapamba?" anatero bambo. Anayesa kuseka koma ululu unawagwira. "Ndiye mukuchedweranji? Chotsani. Ine ndimachotsa ndi dzanja limodzi."

"Sitichotsa chisawawa. Ali ndi ntchito."

"Ntchito yanji?"

Ndinakhala bwino pa mpando, chifukwa funso limeneli ndinali nditalimva kuyambira ndili mwana ndipo yankho linali lisanabwerepo.

"Amasefa magazi," anatero dokotala. "Amachotsa otha ntchito, amagwira tizilombo tisanakudwalitseni. Amagwira usana ndi usiku, kungoti sapanga phokoso. Anthu ambiri amadziwa kuti ali naye tsiku lomwe wapweteka. Mukhoza kukhala opanda iye, inde, koma matenda ena amene anzanu amangodutsa nawo inu akhoza kukugwetsani."

Ndinatsokomola dala. Bambo anayang'ana kudenga.

"Ndiye mbali yafayo ichira liti?"

"Siichira. Idzangosanduka chipsera. Koma yotsalayo igwira ntchito, bola magazi azifikako. Tikupatsani mankhwala a ululu, ndi ena oletsa magazi kuundana. Amenewo ndi a tsiku lililonse, osadumphitsa."

Dokotala atachoka ndinatuluka pakhonde kuti ndidziwitse abale. Ndinayamba ndi azakhali, mlongo wawo wa bambo, amene khutu limodzi linagontha koma pakamwa pali bwinobwino. Pakhondepo panali phokoso la mawilo a machira, netiweki nayo inkangodukaduka.

"Azakhali, tili ku chipatala ndi bambo. Adokotala akuti kapamba wafa mbali imodzi, magazi samafika."

"Wati chiyani?"

"Ndati kapamba wafa mba..."

Foni inaduka. Ndinayesa kawiri, inali yotanganidwa, ndipo ndinangoti ndiwaimbiranso. Ndinapita kukaima pa mzere wa mankhwala. Ndili pomwepo ndinaimbira mlongo wanga. Anamva zonse osandidula, n'kungofunsa kuti, "Bulangete ali nalo?" Ndinati ayi. Anati akubwera nalo, azimitsa foni chifukwa batire yatsala pang'ono.

Mzere wa mankhwala unandidyera pafupifupi ola. Nditabwerera m'chipinda cha odwala ndinapeza anthu a pa mabedi oyandikana atatembenukira kwa bambo. Bambo anali atakhala tsonga, foni ili m'manja, akulira. Sindinawaonepo akulira, ngakhale pa maliro a mayi anangouma nkhope ngati thabwa lawo lija.

"Lilime," anatero, "achimwene ako aimba. Akuti amva kwa azakhali ako. Mlongo wako watisiya. Ndikumuimbira foni yake siikulowa."

Nthawi yomweyo ndinaona njira yonse yomwe mawu anga anayenda: kuchoka pakamwa panga, kulowa khutu logontha la azakhali, kupita ku ofesi ya a Chiwindi, n'kubwerera pa bedi lomwelo pomwe anachokera. Munthu amene anamva yekha ndi makutu ake dokotala akunena za kapamba wa m'mimba mwake anali atakhulupirira kuti wafa ndi winayo. Sindikuwaseka kwenikweni. Anali asanamuone mwanayo masiku atatu, ndipo mawu omaliza amene anamuuza ankawadziwa.

Ndikanatha kuthetsa nkhaniyo ndi mawu anayi. Koma kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinagwira lilime. Ndinaika mankhwala pa kabati, ndinakhala pansi, n'kuyamba kuwerenga kapepala ka malangizo ngati muli nkhani yokoma. Mulungu andikhululukire, ndinkafuna ndimve.

Ndipo ndinamva. Bambo anaitana mlongo wanga ndi dzina lake lenileni, lija anamutcha mayi, limene ine ndemwe ndinatsala pang'ono kuliiwala. Analitchula katatu. Kenako anayamba kuuza bambo wa pa bedi loyandikana, munthu wosamudziwa wa bandeji kumutu, kuti mwana ameneyo ankanola mpeni mpaka umameta tsitsi la pamkono. Anati Lachiwiri anafunafuna mwala wonolera osaupeza, chifukwa zaka khumi ndi zisanu sanaugwirepo. Anati filiji ili ndi kabatani kena kumbuyo komwe amadziwa ndi mwanayo yekha, ndipo nyama ya Lachitatu inayamba kununkha.

"Ndinamuuza kuti apite," anatero. "Ine ndi pakamwa pangapa."

Wa bandejiyo anapukusa mutu mwachisoni. Namwino anabwera kudzaona chomwe chikuchitika, ndipo nditaona kuti ayamba kuyeza kugunda kwa mtima wa bambo ndi nkhope yodandaula, mantha anandigwira. Ndinatsekula pakamwa kuti ndiulule. Pomwepo chitseko chinatsekuka, Kapamba n'kulowa, bulangete lili pakhwapa, botolo la madzi lili m'manja.

Bambo anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, momwe amayang'anira ng'ombe asanaigule. Anapukuta nkhope ndi ngodya ya nsalu ya pabedi.

"Kapamba iwe," anatero, "foni umazimitsiranji?"

Wa bandeji uja anagona n'kutembenukira kukhoma. Ine ndinafuna kuwamenya bambo ndi botolo lija, odwala omwewo.

Mlongo wanga anayala bulangete pa miyendo ya bambo n'kulipinda bwino m'mbali. Kenako anatiuza, mosakweza mawu, kuti atapita kunyumba kukatenga bulangetelo anapeza azakhali atatulutsa kale mipando panja, amayi a nyumba zoyandikana akulira. Anaima pa geti kanthawi akumvetsera. Akuti azakhali ankauza anthu kuti chitsime chimadziwika kuya chikaphwa, ndipo mwana ameneyu ndiye ananyamula banja lonse. Atamuona anakuwa n'kugwetsa mpando, kenako anamukalipira kuti wawachititsa manyazi.

"Maliro anga anali bwino," anatero. "Anthu anabwera ambiri."

Ndinamukokera pakhonde n'kumuuza zonse zomwe bambo ananena, mwala wonolera, kabatani ka filiji, dzina lija katatu. Sindinasiye kanthu, mwinanso ndinathirako mchere pang'ono. Anamvetsera akuyang'ana pansi.

"Anauza ndani?" anafunsa.

"Bambo uja wa bandeji."

"Ndiye akhale ndi wa bandejiyo."

Lachisanu Kapamba anatenga makiyi n'kukatsekula butchala. Anataya nyama yowonongeka, anakonza filiji, ananola mipeni yonse, ndipo kabatani kaja anakazunguliza ndi penti yofiira yotsala ya chikwangwani kuti aliyense akaone. Masana anabwera ku chipatala. Bambo anali bwinoko, ululu utachepa, akudandaula za phala lopanda shuga. Ndinkaona kuti pali mawu amene akuwazungulira ngati galu pa khomo la butchala.

"Mipeni ija yabuntha," anatero potsiriza.

"Ndanola."

"Idzabunthanso."

"Mwala uli pa shelefu ya pamwamba, kuseri kwa sikelo yakale."

Ndinawatsina bambo chala cha phazi kudzera m'bulangete, koma anangochotsa phazilo.

"Adokotala akuti mbali yotsalayo igwira ntchito," anatero akuyang'ana zenera. "Akuti bola magazi azifikako."

"Ndamva, bambo. Akutinso yafayo siichira."

Anaika makiyi m'manja mwanga, osati mwa bambo. Anawerenga mayina a mankhwala onse pa kabati, n'kulemba m'foni mwake nthawi yomwera. Loweruka m'mawa ndinamuperekeza kokwerera basi. Azakhali anabweranso, akumuuza kuti chibale ndi fupa sichiola. N'zoona, koma ife tinakulira m'butchala, timadziwa kuti fupa losiyidwa padzuwa limauma mpaka galu amalidutsa.

A Chiwindi anabwera patapita sabata ziwiri, atanyamula zipatso. Anaima pakhomo pa butchala, anayamikira chikwangwani, n'kubwerera tsiku lomwelo chifukwa fungo linkawapweteketsa mutu. Panopa amene amatsekula ndine. Mipeni ndimanola ndekha, ndipo siimeta tsitsi la pamkono.

Tsiku lililonse sikisi koloko m'mawa foni ya bambo imalira. Amakhala atadzuka kale, atavala, foniyo ili pa bondo. Ndimamva mawu a mlongo wanga ali kutali, kumbuyo kwake ng'ombe zikulira.

"Mwamwa mankhwala?"

"Ndamwa."

"Chabwino."

Foni imaduka. Ikangoduka bambo amatchula dzina lija, lenileni, pang'onopang'ono, kwa foni yozima. Ndawauza kangapo kuti azilitchula foni isanaduke. Amati mawa.

Dzulo kunabwera kasitomala wakale, mayi woweta agalu atatu, n'kupempha basela wake wa masiku onse. Bambo anatenga kapamba m'thireyi, anamutembenuza m'manja, anamuyang'ana mbali zonse ngati akufuna malo akuda aja a pa chithunzi. Kenako anamubwezera m'filiji.

"Watha," anatero. "Tengani mapapo."