Maswiti a Mayi Haruko

Chaka cha chisankho cha zipani zambiri, makina a Swalehe sankapuma. Iye anali telala, Msilamu wochokera ku Mangochi, ndipo ankasoka pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika waukulu wa Mzuzu. Aliyense ankafuna malaya a mtundu wa chipani chake msonkhano usanafike. Swalehe ankangosoka, achikasu, abuluu, ofiira, mpaka msana kuuma. Kunyumba ku Mchengautuwa nako kunalibe mpumulo. Mkazi wake Lukiya anali woyembekezera, ndipo chilichonse chimene ankadya chinkabwerera.

Masana ena anafika Mayi Haruko, mphunzitsi wa ku Japan amene ankaphunzitsa masamu pasekondale ina chakufupi ndi Kaning'ina. Anabwera kudzatenga masiketi awo. M'Chichewa chawo chodukaduka anafotokoza kuti nthawi yawo yatha, akubwerera kwawo. Potsanzika anamupatsa Swalehe kapaketi konyezimira kojambulidwa mapichesi, nati ndi maswiti amene makolo awo anawatumizira.

Swalehe anapeza Lukiya atagona pamphasa, mbale ya phala ili pambali yosakhudzidwa. Anang'amba kapaketi kaja ndipo fungo la mapichesi linadzaza chipinda. Maswitiwo anali ofewa, owazidwa shuga wowawasira. Analawa switi limodzi. Silinkasungunuka ngati maswiti am'golosale, linkangokana mano ngati labala ya legeni, ndipo anameza chifukwa chotopa kutafuna.

Lukiya anatambasula dzanja. Anatafuna pang'onopang'ono atatseka maso, kenako anadikira mseru. Mseru sunabwere. Anatenganso lina, ndipo patapita kanthawi anakoka mbale ya phala ija n'kumwako pang'ono. Swalehe anangoyang'ana, kuopa kusokoneza.

M'mawa mwake, Swalehe asananyamuke, analowa Rhoda, mnansi wawo amene ankachapa zovala kuchipatala. Atapereka monire anaona kapaketi kaja, nafinya switi limodzi ndi zala. Anati anamvapo kwa anamwino kuti maswiti ofewa chonchi amawapanga ndi mafupa ndi chikopa cha nkhumba. Anawonjeza kuti iye anangomva, sakudziwa bwino. Lukiya anadzuka movutikira, napita kuseri kukachukucha mkamwa.

Swalehe anatembenuza kapaketiko uku ndi uku, koma zilembo zake zinali zachijapani zokhazokha. M'mawa umenewo sanavundukule makina. Anauyamba wapansi kupita ku Kaning'ina, mvula yamawawa ikumunyowetsa, malole odzaza anthu oimba nyimbo zachipani akumuthira matope.

Anapeza Mayi Haruko akulongedza mabuku m'makatoni. Atamva funso lake anawerenga kapaketiko nthawi yaitali, nkhope ikugwa.

"Alemba kuti muli zochokera ku nyama, koma nyama yake sanaitchule," anatero. "Mwina ng'ombe, mwina nkhumba. Pepani chomene, a Swalehe. Sindinaganize."

Iye anawauza kuti palibe cholakwa, mphatso inali yochokera pansi pa mtima. Anawafunira ulendo wabwino.

Pobwerera anaganiza zongokanena kuti ndi ng'ombe. Ndani akanadziwa? Mayi Haruko akupita, ndipo mu Mzuzu monse mwina munalibe wina wotha kuwerenga zilembozo. Lukiya akanadya, akanapezako mphamvu. Maganizowo anayenda nawo mpaka kudutsa depoti ya mabasi. Pakhonde la sitolo anapeza anthu akumudikira, ena akukalipa kuti msonkhano ndi mawa. Anawapepesa, nasoka mpaka dzuwa kupendeka, mapazi ozizira akupalasa makina.

Atafika kunyumba Lukiya anamuyang'ana m'maso, ndipo bodza lija linamukanika.

"Mayi Haruko nawonso sakudziwa, a Lukiya," anatero Swalehe. "Zimene munadya musakudziwa si mlandu. Koma zotsalazi, ine sindingakuuzeni kuti idyani."

Lukiya anagwedeza mutu. Anagwira kapaketiko kanthawi, kenako anaitana Rhoda pawindo n'kumupatsa. Rhoda anathokoza, yewo chomene, nayamba kutsegula pomwepo.

"Mukadyere kwanu, asisi," anatero Lukiya motsitsa mawu. "Fungolo likundipweteka."

Rhoda anamvetsa, nachoka mwakachetechete. Lukiya anabwerera pamphasa n'kutembenukira kukhoma. Swalehe anavula nsapato zonyowa, nakhala pampando akudzisisita msana. Anafunsa ngati angayesenso phala, ndipo mkazi wake anati mwina lamadzimadzi, lopanda shuga. Swalehe anadzuka, natenga mbaula kupita nayo pakhonde. Makala anali atanyowa, moti anakupiza nthawi yaitali moto usanagwire.