Mpando Wachiwiri

Tsiku limene a Dalaivala anabwera ndi kagalimoto kofiira kaja, akazi awo, a Telala, analumbira kuti phazi lawo silidzapondamo. Analumbira ali pakhonde, tepi yoyezera ili m'khosi, makasitomala akumva. Choipa kwambiri n'choti mlongo wamng'ono wa mayiwo, amene aliyense amamutcha Wailesi, anali pomwepo. Pofika madzulo msewu wonse unali utamva.

A Telala sanali munthu wolusa. Chinawapweteka n'choti amuna awo anagula chinthucho osawauza, munthu amene kale sankagula ngakhale sokosi osafunsa kaye mtundu wake. Abambowo atapuma pa ntchito yoyendetsa mabasi, mayi ankayembekeza kuti tsopano akhala pansi, azicheza nawo uku iwo akupalasa makina osokera. M'malo mwake kunabwera kagalimoto ka mjaha, kakale ndithu, kamipando iwiri yokha, kolira ngati kakukalipira munthu. Zidzukulu zikhala pati? Nanga katundu wa kumsika? A Telala anati chimenechi n'chikomekome cha mkuyu, ndipo anakapatsa dzina loti Mkazi Mnzanga.

Tsoka lake, a Dalaivala ndi munthu amene amatenga mawu mmene abwerera. Zaka zonse m'basi, munthu akati akutsika, iwo ankaima n'kumutsitsa osafunsa chifukwa. Akazi awo atati sadzakwera, iwo sanawaitanenso. Lamulungu lililonse masana ankatsuka kagalimotoko, n'kukatulutsa okha, mpando wachiwiri utafundidwa nsalu.

Mkwiyo wa a Telala unatha msanga, monga umathera mkwiyo wa anthu okhalitsana. Chinatsala ndi kusungulumwa. Zenera la chipinda chosokera linayang'anana ndi galaja, choncho ankaona zonse. Ankaona amuna awo akuyankhula ndi chitsulo mawu ochuluka kuposa amene ankayankhula nawo patebulo. Geti ikatsekeka, ankakhala phee, mwendo uli pa chopalasira, akufunitsitsa akanakhala pampando wofundidwa uja. Koma akanayambira pati? Mawu anali atatuluka pagulu, ndipo Wailesi ankawakumbutsa nthawi iliyonse akabwera kudzamwa tiyi. Paja amati manyazi anapha lambe. A Telala ankaudziwa bwino mwambiwo, koma kuudziwa sikunawathandize.

Kenaka kunabwera makatoni olemera. Munali masipuling'i atsopano abuluu, aafupi kuposa akale, ndi mashoko ake, timipope tija timene timaletsa galimoto kudumphadumpha. A Dalaivala anafotokozera mlamu wawo Wailesi, mokweza ndithu kuti mawu afike pazenera, kuti akufuna kukatsitsa kagalimotoko. Anati moyo wawo wonse akhala m'mwamba, akuona madenga a magalimoto a anzawo, ndipo tsopano akufuna kumva msewu pafupi. Anati kakatsika sikazidzapendamanso pokhota.

A Telala anayang'ana mawondo awo. Kagalimotoko kanali kale kakafupi moti munthu wa msinkhu wawo akanalowamo mochita kupemphera, ndiye akatsitsenso? Kwa iwo zinamveka ngati akutsekerwa chitseko chimene ankangochiyang'ana chapatali. Mtima unawawawa, koma anangonyowetsa ulusi ndi malovu n'kuulowetsa mu singano.

Ntchito inayamba Loweruka m'mawa. A Dalaivala anavala ovololo imene inawathina pamimba, n'kuyala masipanala pakatoni mwa msinkhumsinkhu. Wailesi anabwera kudzathandiza, ngakhale ntchito yake ndi yokonza mawotchi ndipo chitsulo chachikulu chimene anachigwirapo ndi supuni. Anakweza galimoto ndi jeke, n'kuikhazika pa timiyendo tachitsulo, n'kuchotsa matayala. Bawuti imodzi inali itadyedwa ndi dzimbiri ndipo inakana kutembenuka. Wailesi anati aimenye ndi hamala. A Dalaivala anati fupa lokakamiza limaswa mphika, anaithira mafuta, n'kukhala pa tayala kuidikira ngati akudikira wokwera amene wapita kuchimbudzi. Bawutiyo inagonja yokha.

Itafika nthawi yochotsa sipuling'i yakale, anatulutsa zitsulo ziwiri zazikhadabo zoipanira. Anauza mlamu wawo kuti asunthe, chifukwa sipuling'i yopanidwa ikapulumuka siifunsa kuti mano awa ndi a ndani. Kwa nthawi yoyamba chibadwire Wailesi anakhala chete. Makina osokera nawo anasiya kulira. A Telala anali ataimirira pazenera, dzanja lili pachifuwa, akuyang'ana nkhope ya amuna awo ili pafupi ndi chitsulo chimene chinkalira kuti tswi, tswi. Sipuling'i itatuluka bwinobwino, anabwerera pampando, n'kupeza kuti asokera thumba la buluku la kasitomala kukamwa kwake komwe. Anayamba kusomola ulusi akunyinyirika kuti Mkazi Mnzanga wayamba kuwaonongera ndi ntchito yomwe.

Dzuwa litapendeka, mbali zonse zinali zitavala zatsopano. Anabwezera matayala, anachotsa timiyendo tija, ndipo a Dalaivala anatsitsa jeke pang'onopang'ono. Kagalimoto kanatsika, kanatsika, mpaka kanakhala pansi ngati mphaka wobisalira mbewa. Kanali kokongola, zimenezo ngakhale a Telala sakanakana. Amuna awiriwo anakazungulira manja ali m'chiuno, akugwedeza mitu. Kenaka Wailesi anakoka jeke kuti aichotse, koma jekeyo inakana. Anakokanso. Galimoto inali itatsika kwambiri moti inakhalira jeke yomwe inaitsitsa.

A Telala anaseka mpaka misozi, atabisa nkhope m'buluku la kasitomala. Munthu amene anayendetsa mabasi mpaka imvi, lero wagwira njakata ndi jeke pakhomo pake! Anamva Wailesi akupereka nzeru zosiyanasiyana, zina zofuna anthu khumi, zina zofuna kuphwetsa konkire. A Dalaivala anakanda mutu, anakwezanso galimoto, n'kukatenga matabwa okhuthala amene anatsala pomanga shelefu ya nsalu. Anawasanjikiza pansi pa tayala lililonse. Atatsitsanso, galimoto inaima pamatabwa, jeke n'kutuluka mosavuta. Anauza mlamu wawo kuti matabwawo ankafunika kale, ndipo anali nawo m'maganizo kuyambira m'mawa. Palibe amene anakhulupirira.

Komabe panali choona pang'ono. Ntchito inali isanathe, ndipo yotsalayo inkafuna kuti munthu alowe pansi pa galimoto itaima pa matayala ake. A Telala anamva amuna awo akufotokoza kuti mabawuti a mikono yogwira matayala samangidwa galimoto ili m'malere. Amamangidwa itasenza kulemera kumene izisenza masiku onse, apo ayi mphira za m'menemo zimakhala zopotoka ndipo zimang'ambika msanga. Choncho Wailesi anakhazikidwa pampando wa dalaivala. Popeza ndi wowonda ngati sipoko ya njinga, anamusenzetsa batire lakale pamiyendo kuti afanane ndi mwini mpandowo.

Wailesi analoza mpando wachiwiri n'kunena kuti pakona pali thumba la simenti, angoliika pamenepo. A Dalaivala anatenga kansanza n'kuyamba kupukuta manja, chala chimodzichimodzi, nthawi yaitali kuposa mmene manjawo ankafunira. Kenaka a Telala anawaona akudutsa pabwalo kulunjika kunyumba. Mwamsangamsanga anakhala pansi n'kuyamba kupalasa makina opanda nsalu.

Abambowo anaima pakhomo la chipinda chosokera, osalowa, kuopa kudetsa nsalu za eni. Anakhosomola.

"Amayi, kumeneku si kukwera ayi. Galimoto ili pamatabwa, sikuyenda. Ndikungopempha kulemera kwanu."

"Ndiye ndasanduka thumba la simenti?"

"Simenti ilipo," anatero a Dalaivala akuyang'ana kansanza kaja. "Koma ndikamanga muli simenti, ndiye kuti ndamangira simenti. Mpando uja uli ndi mwini wake."

A Telala anafuna kuyankha mawu akuthwa, ndipo anali nawo ambiri amene anawanola miyezi yonseyi. Koma anangovula tepi m'khosi, anaikulunga bwinobwino, n'kunena kuti achite changu chifukwa buluku la munthu likudikira.

Kulowa kunali nkhani ina. Anayamba ndi mwendo, zinakanika. Anatembenuka n'kuyamba ndi kumbuyo, atagwira denga ndi dzanja limodzi, mawondo akudandaula mokweza, mpaka anangodzisiya kuti phwatha. Galimoto inatsikako pang'ono mbali yawo. Wailesi anatsegula pakamwa, koma achemwali ake atamuyang'ana anatsekanso.

Nsalu yofundira ija inali itachotsedwa. Mpandowo unali woyera, wopukutidwa mafuta, ndipo unali utakankhidwira kutsogolo, pa mlingo wa munthu wa miyendo yaifupi. Kumsana kwawo anamva kanthu kofewa. Atapisa dzanja anatulutsa kapilo kakang'ono ka zigamba, kofwifwa, kosokedwa ndi manja. Anakazindikira nthawi yomweyo. Anakasoka iwo omwe ali mtsikana, asanagule n'komwe makina, amuna awo atangoyamba ntchito n'kumadandaula msana. Kapiloko kanayenda m'mabasi onse amene abambowo anayendetsa. A Telala ankaganiza kuti kanatayika kalekale. Tsopano kanali pano, osati pampando wa dalaivala, koma pa wawo, ndipo kanali katadinda kale chizindikiro pachikopa, kusonyeza kuti sikanaikidwe lero.

Anakabwezera kumsana mwakachetechete. Pansi pawo ankamva amuna awo akukwawa chagada, akupuma movutikira, ovololo ikukhula konkire. Sipanala ikakoka, kunjenjemera kwake kunkadutsa m'chitsulo mpaka kufika pampando. Kumbuyo, kutsogolo, mbali iyi, mbali inayo. Abambowo anayamba kung'ung'udza kanyimbo kopanda mutu kamene ankang'ung'udza kale akamapukuta nsapato za kuntchito. A Telala anali asanakamve chipumire amuna awo pa ntchito, ndipo anazindikira kuti anakasowa kwambiri. Wailesi anadandaula kuti batire likumuphwanya miyendo, ndipo anauzidwa kuti apirire, anthu ali pa ntchito.

Pamapeto a Dalaivala anatuluka, fumbi lili m'tsitsi. Anamasula mlamu wawo ku batire lija, n'kuzungulira kubwera mbali ya akazi awo. Anatsegula chitseko, anapukuta manja pa ovololo, zimene zinangowonjezera girizi, n'kuwatambasula onse awiri.

"Zatha, amayi. Zikomo. Gwirani ndikudzutseni."

A Telala anayang'ana m'mwamba. Kuchokera pansi pamenepo amuna awo ankaoneka aatali, monga ankaonekera pawindo la basi masiku aja iwo ankathamanga kukawapatsira chakudya pa siteji. Anagwira manja aja. Anali ofunda, okhakhala, ndipo sanakumbuke kuti anawagwira liti komaliza onse awiri chonchi. Abambo anakoka pang'ono. Mayi sanasunthe.

"Kutuluka muno ndi ntchito, kulowanso ndi ntchito ina," anatero. "Ndiponso mwati mwamangira kulemera kwanga. Mukakayesa nokha, mudziwa bwanji kuti mwamanga bwino?"

A Dalaivala anaganiza kaye, nkhope ili yosaseka ngati munthu amene wafunsidwa funso la ntchito. Anati zimenezo n'zoona, sangadziwe. Koma manja aja sanawasiye msanga.

Wailesi, amene anali akutsimphina pafupi ndi khoma, sanathe kupirira. Anayamba kukumbutsa achemwali ake za tsiku lija pakhonde, ndi mawu amene ananena, ndi anthu amene analipo.

"Kauze msewu wonse," anatero a Telala. "Koma uyambe watsegula geti."

Galimoto inatsika pamatabwa mosamala. Pageti panali kachitunda ka konkire kotchinga madzi a mvula, ndipo a Dalaivala anakadutsa chopingasa, tayala limodzilimodzi, onse awiri atagwira mpweya kumvetsera ngati pansi pakhula. Sipanakhule. Anatulukira mu msewu, ndipo a Telala anaona dziko mmene anali asanalionepo: mawondo a anthu, matayala a njinga, galu wa oyandikana nawo akuwayang'ana maso ndi maso. Mayi wina amene analipo tsiku la lumbiro anaima pageti pake kukamwa kuli yasa. A Telala anamukwezera dzanja, girizi ali m'zala.

Amuna awo ankayendetsa pang'onopang'ono, manja onse pa chiwongolero, akuzemba kadzenje kalikonse, monga ankachitira basi ikadzaza ndi anthu. Mwana wa panjinga anawapitirira. A Telala anapirira mpaka pamphambano, anakonza kapilo kaja kumsana, kenaka anatembenuka.

"Abambo, mjaha wake ndi umenewu?"

A Dalaivala anawayang'ana, anaseka kuseka kumene kunawagwedeza mimba yonse, n'kusintha giya.